Jekete Yachikasu ya a Makutu

Pa galaja yobwereketsa njinga zamoto kwa alendo ofuna kuzungulira nyanja zitatu za kumapiri, palibe njinga inkatuluka pageti a Makutu asanaimvetsere. Dzinalo sanawapatse chifukwa cha kukula kwa makutu, ngakhale analidi aakulu, koma chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa chitsulo, chogwirira n'kuchikanikiza pakhutu, n'kutsinzina. Anthu amati chakudza sichiimba ng'oma. Iwo ankatsutsa, amvekere pa njinga chimaimba ndithu, kungoti anthu ndi ogontha.

Kukhala pansi kunali chilango kwa bambo ameneyu. Tiyi ankamwa ali chiimire, wailesi ankamvera akuyendayenda. Malemu akazi awo ankati anakwatiwa ndi msana wa munthu, popeza ndi umene ankauona kawirikawiri ukutuluka pakhomo.

Pamsewu malo awo anali kumbuyo kwa onse, atavala jekete yachikasu, mabokosi a zitsulo ali mbali ndi mbali. Kutsogolo kunkakhala mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene aliyense ankangomutcha Mzime, ndipo ndi iye ankayendetsa galajayo tsopano. Lamulo la ulendo linali limodzi. Akafika pamphambano, Mzime ankaloza pansi, amene akumutsatira n'kuima pomwepo kusonyeza anzake njira, ndipo samachoka kufikira ataona jekete yachikasu. Jeketeyo inkatanthauza kuti kumbuyo kulibenso munthu. N'chifukwa chake pa zaka makumi awiri ndi zitatu a Makutu anali asanapitirirepo mlendo, ngakhale woyenda ngati akuperekeza mkwatibwi.

Koma panali chimene ankabisa. Khutu lakumanja, lantchito lija, linayamba kulira ngati nkhululu chaka chapitacho, kenako linangoti zii. Lakumanzere nalo linkatsatira mnzake pang'onopang'ono. Sanauze munthu. Ankadziwa kuti makaniko wopanda makutu amagulidwa mpando wabwino n'kuuzidwa kuti apume, ndipo mpandowo ankauopa kuposa manda.

M'mawa wa tsiku lina njinga zinali zisanu ndi zitatu. A Makutu atafika pa yofiira, anazungulitsa tayala lakumbuyo, anaika sikuludiraiva, natsinzina. Zii. Anasinthira khutu linalo. Zii. Kaya njingayo inali chete chifukwa inali bwino, kaya chete anali m'mutu mwawo, iwo sanadziwe. Mzime anali akuyang'ana wotchi. A Makutu anamenya mpando wa njingayo n'kunena kuti ipite, ndipo inapatsidwa kwa namwino wina wosekaseka amene anati tchuthi chimenechi wachidikira zaka ziwiri.

Dzikolo ndi lokongola, zimenezo n'zoona. Msewu umakwera m'nkhalango, n'kutulukira pamwamba pomwe madzi amaoneka pansipo ali mbee, timaboti tili ngati nyerere. Alendo ankaima kawirikawiri kujambula. A Makutu nyanjazo ankazidziwa mwa mbiri chabe, chimene ankadziwa bwino ndi matayala akumbuyo. Tsikulo mtima unali m'mwamba. Pa nyanja yoyamba anazungulira njinga zonse akugwiragwira, koma atangoweramira yofiira ija namwino anawapatsa foni kuti amujambule. Anajambula katatu, chala chili pagalasi, mpaka Mzime analiza mluzu woti azinyamuka. Pa nyanja yachiwiri anadya ali chilili, anadziuza kuti akudzivutitsa chabe, kenako anadzitukwana chifukwa chodziuza zimenezo.

Masana msewu unayamba kutsetsereka mokhotakhota kulowera ku nyanja yachitatu. Pakati pa iwo ndi namwino panali abale awiri onenepa, oyenda mwaulemu ngati njinga n'zagalasi. Pa kona ina a Makutu anaona tayala lakumbuyo la njinga yofiira likugwedeza mutu, pang'ono chabe, monga munthu wokana mwamanyazi. Analiza hutala, koma mayiyo anali m'chipewa chake cha panjinga, akuimba nyimbo. Kutsogoloko kunali kona yoopsa yokhala ndi phompho kumanzere.

Anakoka moto. Anapitirira m'bale woyamba, anapitirira wachiwiri. Pamphambano panali pataima mphunzitsi wina wamadevu, amene atangoona jekete yachikasu anakweza dzanja mokondwa n'kunyamuka, monga anauzidwira m'mawa. A Makutu anamuona, anadziwa kuti abale aja asowa wowalozera njira, koma analibe mpata womuimitsa. Anamupeza namwino kona ija itatsala pang'ono, namukanikizira kumbali mpaka anaima. Atagwira pakati pa tayala chitsulo chinawawotcha zala. Timipira tachitsulo timene tayala limazungulirapo tinali titaphwanyika.

Abale aja anafika pamphambano popanda munthu ndipo anangopitirira molunjika. Mzime anawasaka ola lathunthu, n'kukawapeza pa chigayo cha miyala ali fumbi lokhalokha, akulalata. Nthawi yonseyo a Makutu ankangoyenda uku ndi uku m'mbali mwa msewu, namwino akuwathokoza mobwerezabwereza kuti amupulumutsa. Kuthokozako kunkawawawa kuposa zala zopsazo.

Bodza anali nalo kale m'kamwa, ndipo linali bodza labwino: timipira totere nthawi zina timafa panjira osachenjeza. Mzime atabwera, anavula chipewa, anagwedeza tayala lija ndi dzanja, kenako anawatengera pambali.

"Ababa, m'mawa muja tayalali linalira kapena ayi?"

Anayang'ana nsapato zawo. Anayang'ana namwino, amene anali kusonyeza anzake zithunzi.

"Sindikudziwa, mwanangu. Ndinaika khutu koma sindinamve kanthu. Masiku ano sindikumva."

Mzime anayankha. Iwo anaona milomo yokha ikugwedezeka. Mwanayo anapuma mpweya wautali, anazungulira kumbuyo kwawo, n'kudzaima kumanzere.

"Ndati, miyezi khumi tsopano ndakhala ndikuima mbali ino poyankhula nanu. Ndimadikira kuti munene nokha. Lero ulemu wangawo ukanapha munthu."

Misozi inali m'maso mwa mwanayo, ndipo a Makutu anachita manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire. Anayamba kumasula zipi ya jekete kuti ayipereke, popeza mpando uja ankauona ukubwera. Mzime anawagwira dzanja.

"Jeketeyo ayi. Tayalali mwaliona ndi maso, anthu awiri ali pakati."

Kenako anapisa dzanja m'thumba la pamtima la bambo ake, natulutsa sikuludiraiva yaitali ija, yachogwirira chosalala ndi thukuta la zaka zonsezo, naiika m'thumba lake.

Njinga yofiira anaisiya pa nyumba ina kuti galimoto idzaitenge, namwino anakwera kumbuyo kwa Mzime. A Makutu anadikira onse adutse, anawawerenga kawiri, n'kunyamuka pomaliza monga mwa masiku onse. Pamphambano iliyonse mlendo ankaona jekete yachikasu n'kukweza dzanja. Iwo sankabweza moni, chifukwa dzanja lawo linkangobwerera pamtima, kusisita thumba lopanda kanthu.