Mayi Pyo Bibiana ndi ukonde umene unakana kutuluka

Tsiku limene galimoto ya chipatala cha m'tauni inabwera kudzatenga amayi asanu a pa tchalitchi chathu cha ku Saegol, mayi Ma Tekla, amene kale anali mzamba wa mudzi, anaima pachipata ndi ndodo yawo. "Atsikana inu," anatero, ngakhale onse asanu anali ndi zidzukulu, "chinthu chimene munthu akukuikani m'mimba, yambani mwafunsa kuti adzachichotsa ndani." Amayi aja anaseka. Mayi Seok Rufina anatulutsa mutu pazenera n'kukuwa: "Kwerani nanunso agogo, mwina mungakwatiwenso!" Galimoto inanyamuka. Amene anakhala kutsogolo, amenenso anamema anzawowo, anali mayi Pyo Bibiana, omwe Ambuye anawaitana mwezi wathawu.

A Bibiana anabadwira m'banja la oumba mbiya, nkhondo yaikulu ya m'dziko muno isanayambe. Ali ndi zaka khumi ankasenza mbiya pamutu kukasinthanitsa ndi balere m'midzi ya kutsidya kwa phiri, ndipo kolona ankainena chamumtima, poti manja onse awiri anali ku mbiya. Sukulu analekezera kalasi yachinayi. Atakwatiwa anabereka ana asanu ndi mmodzi, onse m'nyumba, m'manja mwa a Tekla omwewo. Msuzi wa ndere za m'nyanja umene ife amayi timamwa tikachira, iwo ankaumwa masiku atatu okha, lachinayi ali kale kumunda wa adyo, chinyonyomalire mpaka dzuwa kulowa. Amuna awo anamwalira mwana wotsiriza asanayambe sukulu. Sanakwatiwenso.

Kuyambira pa maliro a amuna awowo, analowa m'gulu lopempherera akufa. Kukagwa zovuta ankakhala oyamba kufika: kusambitsa mtembo, kuuveka, kenako kukhala pansi masiku atatu, mizere iwiri yoyang'anizana, kuimba masalimo molandizana. Mawu awo anali aakulu kuposa thupi lawo, ndipo posakhalitsa ndiwo ankayambitsa nyimbo. Wina akachedwa sankamukalipira. Ankangoti, "Wakufa sangadzipempherere yekha, ndiye tisamamusiye akudikira."

Vuto linayamba atadutsa zaka makumi asanu. Akatsokomola, akakweza mawu, kapena akawerama mpaka chipumi pansi patsogolo pa chithunzi cha malemu, mkodzo unkawapulumuka. Tsiku lina anadzuka n'kusiya chinyezi pamtsamiro wokhalira, pamaso pa anamfedwa onse. Manyazi ake anawapweteka kwambiri. Atamva kuti m'tauni akuika kaukonde ka pulasitiki, kopyapyala ngati riboni, kochirikiza njira ya mkodzo, ndiponso kuti munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo, anayenda khomo ndi khomo kwa anzawo a m'gulu amene ankadziwa kuti nawonso amabisa nsanza m'chikwama. "Tiyeni tikakonzedwe," anawauza, "tizikagwada kwa Mulungu tili ouma."

Zaka zitatu zinayenda bwino. Kenako kunayamba kubaya kumusi, ngati munga wa nsomba umene wakanirira. Kunkatuluka timagazi, kunkanunkha, thupi linkatentha pafupipafupi. Kuchipatala kuja anawapatsa mapiritsi ndi mankhwala opaka. Ulendo wina anadula kansonga ka ukonde kamene kanatulukira kunja kwa mnofu, n'kuwauza kuti zatha. Sizinathe.

Apa ndi pamene mayi wathu analakwitsa, ndipo iwo eni anapempha kuti zilembedwe. Anaganiza kuti ululuwo ndi mtanda umene Ambuye awapatsa kuti athandizire mizimu ya akufa, ndiye anaulandira osauza munthu. Koma pansi pa maganizo oyerawo panali mantha. Ndi iwo anakweza anzawo anayi m'galimoto ija. Akanena kuti ukonde ukuwadya, anzawo akanawayang'ana ndi maso otani? Anakhala chete zaka zisanu ndi ziwiri. Amene amakhala kumbuyo m'tchalitchi ndi makanda ankaona zonse: kuti a Bibiana ankakhalira mbali imodzi, kuti podzuka ankaluma mlomo mpaka kuyera, kuti mphonje ya nsalu yawo ya kumutu inkanjenjemera pa nthawi ya Ukaristia. Koma ndani angafunse munthu wamkulu za kumusi?

A Bibiana anagwa pa maliro a mlimi wina, pakati pa salimo, thupi lili moto. Mwana wawo wamkazi, Eun-sil, anawatengera ku chipatala chachikulu ku Daejeon. Dokotala wamkazi analowetsa kachipangizo koonera m'kati, n'kupeza kuti ukonde unaboola chikhodzodzo, ndipo pa ulusi wake panamera mwala waukulu ngati dzira la njiwa. Matenda anali atakwera kale mpaka ku impso.

"Amayi, zaka zonsezi mumadikira chiyani?" anafunsa dokotala.

"Ndimati ndi mtanda wanga, adokotala."

"Ine za mitanda sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mukanabwera chaka choyamba, impso zanu zikanakhala zamoyo zonse ziwiri."

Anawang'amba kawiri. Anachotsa mwala ndi chigawo chapakati cha ukonde, n'kusoka chikhodzodzo. Koma mapiko awiri a ukondewo anali atalukana ndi mnofu pafupi ndi fupa, ndipo dokotala anati kuwazula kungaononge zambiri kuposa kuwasiya. A Bibiana anakhala milungu itatu ndi kapaipi ka mkodzo. Atachotsa kapaipiko, kudontha kunabwerera, moposa kale. Anabwerera ku Saegol ndi impso imodzi yofooka, ululu wotsala, ndi thumba la matewera.

Chisanu chitayandikira, amayi a pa tchalitchi anasonkhana kudzapaka tsabola m'kabichi wosunga kuti adye chaka chonse. Ali m'bwalo, manja ali psuu, a Bibiana anayamba kulankhula. Anatchula chilichonse ndi dzina lake: magazi, fungo, mwala, thewera limene anavala tsikulo. Kenako anawerama mpaka chipumi pa simenti. "Ndine ndinakutengani. Amene akumva kubaya apite msanga. Ndinakhala chete n'kumati ndi chikhulupiriro, koma anali manyazi." Mwa anzawo anayi aja, awiri anati iwo ali bwino, ndipo analidi bwino. Mmodzi analira, ndipo sabata yomweyo anapita ku Daejeon, anachira.

A Rufina anangoseka. "Achemwali, dzukani, muthimbiritsa kabichi ndi misozi. Ine ndili gwa ngati namwali." Koma ankanena zimenezi atakhalira mbali imodzi. Iwo ndiwo anali atalandira udindo woyambitsa nyimbo pamaliro, ndipo mudzi wa okalamba ngati wathu sutha mwezi wopanda zovuta. A Bibiana akawauza zopita kuchipatala, nthawi zonse yankho linali limodzi: "Nanga ndikagona m'chipatala, aimbe ndani? Inu, ndi mawu anu a mbuzi yokalambawo?"

A Bibiana anakhala zaka zina zinayi. Pansi sankathanso kukhala, ndiye ankabwera kumaliro ndi kampando kawo, n'kukhala kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, kuti atuluke mosasokoneza akafuna kusintha. Sanaphonye maliro ngakhale amodzi mpaka miyendo itatupa. Bambo mfumu atawadzoza mafuta a odwala, a Bibiana anaitanitsa a Rufina, amake Yong-tae.

"Amake Yong-tae, ndikuona mmene mwakhalira pampandopo."

"Mpando wanu ndi wopendekeka, achemwali."

"Mukadzaimba pa maliro anga chinthucho chili m'thupi, ndidzadzuka m'bokosi ndikuchititseni manyazi pamaso pa Bambo."

"Dzukani, tidzaone. Mwina gulu lingapeze woimba bwino."

Anaseka onse awiri, koma a Bibiana sanasiye dzanja la mnzawo mpaka tulo titawatenga. Patapita masiku awiri, masana, Eun-sil akuwanenera kolona, anapuma komaliza mwakachetechete. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu ziwiri.

Chitsanzo chawo si kupirira kokha, pakuti kupirirako ndi kumene kunawadyera impso. Ndi tsiku lija anagwada pakati pa kabichi.

A Rufina anaimba tsiku loyamba la maliro ndi lachiwiri. Madzulo a tsiku lachiwirilo, salimo lomaliza litatha, anayesa kudzuka koma analephera. Amayi awiri anawadzutsa. A Rufina anaima akuyang'ana chithunzi cha a Bibiana, kenako anatseka buku la nyimbo n'kulipereka kwa mayi amene anali pambali pawo.

"Mawa muyambitse ndinu."

"Mawa? Tsiku loika? Amake Yong-tae, woyambitsa sachoka mtembo usanatuluke. Anthu adzati chiyani? Mnzanu wa zaka makumi anayi!"

"Basi yoyamba ya ku Daejeon imanyamuka kusanache. Mukamanyamula bokosi, ine ndidzakhala ndadutsa kale mlatho." Anavala nsapato zawo pang'onopang'ono, atagwira khoma. "Ndipo akafunsa, musanene kuti ndapita kwa mwana wanga. Muwauze kuti ndikutuluka magazi kumusi, ndapita kukachotsetsa ukonde."