Kabokosi Komvera Ababa

Kanali kabokosi kakuda, kochepa ngati sopo wochapira, ka diso limodzi lobiriwira. Anabwera nako ndi amalume, alongo awo a amayi, omwe ankakonza mawailesi ku Buguruni, dera lina la mumzinda womwe tinkakhala. Inali nyengo ya mvula yaikulu yomwe kumeneko amati masika, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo panali patatha miyezi itatu ababa atachoka kwathu ku Temeke, kuwoloka malire kupita ku Ntcheu kukadwalira kwawo. Amayi anawatsatira, n'kubwerako okha ndi kaseti imodzi.

Bowo la mahedifoni pa wailesi yathu yaikulu linali lakufa, ndipo amayi sanafune kuti kasetiyo imveke pa masipika. Choncho amalume anakankha wailesiyo, nagwada kuseri kwake m'fumbi. Anatenga nthambo ya mitu iwiri, wofiira ndi woyera, n'kuilowetsa m'timabowo ta kumbuyo, mbali inayo n'kulumikiza ku kabokosi kaja, komwe ankakatcha ampulifaya. Atayatsa, munkamveka kulira ngati kwa njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anapukuta mituyo pa malaya, nasuntha nthambo kuti italikirane ndi ya magetsi, phokoso lija n'kutha.

"Muziyamba motsitsa, achemwali," anatero. Ine nditafunsa ntchito yake, anayankha akuyang'ana kwina: "N'komvera abambo ako."

Mawu amenewo sanali abodza, koma lero ndimaona kuti mwana sapatsidwa choona chodula pakati.

Kuyambira pamenepo nyimbo zinatha m'nyumba mwathu. Masana aliwonse, akamaliza kugulitsa vitumbua, zitumbuwa za mpunga, amayi ankakhala pampando, mahedifoni kumutu, maso pakhoma. Mvula inkagunda malata, madzi akununkha m'ngalande, iwo n'kumagwedeza mutu, nthawi zina n'kuyankha chapansipansi: "Eya. Ndamva." M'chipindamo munalibe wina aliyense.

Tsiku lina atapita kumsika, ndinakwera pampandopo n'kudina pomwe iwo ankadina. Poyamba ndinamva kupuma, pafupi kwambiri, ngati munthu waika pakamwa pake m'khutu mwanga. Patali tambala analira, chitseko chomwe sichinali chathu n'kutseguka. Kenaka ababa anatsokomola katatu.

"Mwanayo ali pomwepo?" anafunsa. "Ayambe watuluka."

Ndinayang'ana diso lobiriwira lija, ndikudziwa kuti andiona. "Shikamoo, ababa," ndinanong'ona moni wopatsa akuluakulu. Anakhala chete ngati akundimvetsera, kenaka anapuma mozama. Ndinavula mahedifoni n'kuthawira m'mvula wopanda nsapato.

Komabe ndinkabwerera. Ndinali nditaona kuti amayi amayamba adina batani lina, china chake n'kuzungulira mpaka kugunda, ndiye ndinkaganiza kuti ndimo moitanira ababa. Ndinkawauza kuti dzino langa lachoka, kuti aphunzitsi andiyamikira, kuti daladala, minibasi ya kumeneko, inandithira matope. Iwo yankho lawo linali lomwelo. Tambala yemweyo, chitseko chomwecho, chifuwa katatu, kenaka kundithamangitsa. Ine n'kumvera, chifukwa ababa sankanena chinthu kawiri. Zomwe ankauza amayi ine nditatuluka sindinazimvepo, ndipo sindizidziwa mpaka pano.

Mvula itayamba kudula, zinandikwana. Ndinawapeza amayi akupeta mpunga pakhonde.

"Ababa akanali ndi chifuwa," ndinatero. "Bwanji simukuwatumizira mankhwala?"

Lichero linaima. "Wamva kuti?"

"Amandiuza kuti ndituluke. Tsiku lililonse. Ndinawalakwira chiyani?"

Amayi anaika lichero pansi, nandikokera pamiyendo pawo. Anandigwira mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa, nkhuku za aneba zikudya mpunga wathu iwo osazipirikitsa.

"Sunalakwe," anatero. "Sangakumve, mwanangu. Kumene aliko sangakumve."

Ndinaganiza kuti vuto ndi nthambo, ndipo ndinawapempha kuti aitanenso amalume adzakonze. Panthawiyo n'kuti ababa atagona m'manda milungu isanu ndi iwiri. Amayi anandiuza madzulo omwewo, m'mawu osavuta, ine n'kuvomera ndi mutu. Koma m'mawa mwake ndinapukutabe mitu ya nthambo ija pa diresi langa, wofiira ndi woyera. Sindinkamvetsa kuti munthu angapitirize kulankhula atasiya kumva.