Mayi Fulasiki Akwera Nyumba ya Amalume

Azakhali, akazi a amalume anga, sanaphonyepo ukwati ndipo sanasinthepo mphatso. Kaya ndiwe mwana wa mlamu wawo, kaya mnzawo wa ku kwaya, kaya mlonda wa pasukulu pomwe ankaphikira ana, unkadziwiratu kuti m'pepala lonyezimiralo muli fulasiki. Anthu anawatcha Mayi Fulasiki, iwo n'kumavomera dzinalo ndi mtima wonse. Ankati banja lingasowe mpando, koma lisasowe tiyi wotentha wa mlendo wofika mwadzidzidzi.

Ndiye ukwati wanga utayandikira, ine wotsogolane ndinabwera ndi zanga. Mbale ndi mapoto tinali nazo kale ine ndi bwenzi langa, choncho tinalemba pafoni zomwe tinkafuna kukachita ku hanimuni mumzinda waukulu: kukwera boti pamtsinje, kukaona nyama zakutchire za mumpanda, kudya mulesitilanti ya nsalu zoyera patebulo, ndi kukwera pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yaitali kuposa zonse. Woitanidwa aliyense asankhepo chimodzi n'kutilipirira. Mphatso n'imeneyo.

Nditawawerengera, azakhali anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiye botilo mudzaliika pa shelefu iti, mwanawe?"

Amalume, omwe anakhala pakhomo kuothera dzuwa, anandipempha kuti ndibwereze chomalizacho. Ndinabwereza.

"Nyumba imeneyo ndi yanga," anatero. "Zitsulo zotchingira anthu pamwamba paja ndinawotcherera ndine."

Nkhaniyi tinkaidziwa tonse, kungoti tinali titaiika m'gulu la nkhani zomwe akuluakulu amanena akakhuta. Ali mnyamata, amalume anagwira ntchito pa nyumbayo, koma ntchito itatha anawabweza kwawo isanatsegulidwe. Pofunsira azakhali anawalonjeza kuti tsiku lina adzawakweza pamwambapo n'kuwaonetsa mzinda wonse ndi chala chawo. Lonjezolo linakalamba nawo limodzi. Chaka china linadyedwa ndi fizi, china ndi malata, china ndi maliro. Tsopano moto wowotchererawo unali utawadya maso, ndipo dokotala anali atanena mosabisa kuti mdima ukubwera ndipo sudzabwerera m'mbuyo.

Sabata yotsatira azakhali anavala nsapato zawo za ku maukwati n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo.

Foni analibe nayo ntchito. Ankafika panyumba, n'kukhala pansi, n'kunena kuti kukhosi kwauma. Mwininyumba akatulutsa fulasiki, iwo ankaisisita ngati mwana wawo wotayika, n'kufunsa ngati ikusungabe moto. Akavomera, basi wakodwa.

"Ine pa ukwati wanga sindinalandire kanthu, ndinangolandira amuna okha. Panopa ndamva kuti mphatso timachita kusankha tokha. Ndasankha kukaona mzinda, maso a bambo asanatseke. Inu mutenga mbali iti?"

Kupatsa n'kuika, akuluakulu sananame. Mlonda uja anatenga tikiti ya basi yopita. A ku kwaya anagwirizana za yobwerera. Telala wina, yemwe fulasiki yake inasweka kalekale koma anachita mantha kuulula, anasokera amalume jekete. Namwino wina anati mchemwali wake ali ndi chipinda chopanda munthu mumzindamo. Panali bambo mmodzi yekha amene anati banja lake linatha ndipo fulasiki inapita ndi mkazi. Azakhali anamupepesa, anamufunsa komwe mkaziyo akukhala, n'kupita komweko.

Ine ndinapsa mtima nditamva kuti akwera basi imodzi ndi ife. Hanimuni yanji ya anthu anayi? Mwamuna wanga anangoseka n'kunena kuti bola tapeza otinyamulira zikwama. Kunena zoona, ananyamula ndi iyeyo, zathu ndi zawo zomwe.

Tinakumana nawo pakhomo pa nyumba yosanja ija m'mawa dzuwa lisanalimbe. Amalume anali atavala jekete lija, chifuwa chili patsogolo. Azakhali ndiye mphamvu zinawathera ataona chikepe. Mayi amene anagonjetsa makomo onse aja anaima njii, n'kufunsa mlonda wa nyumbayo ngati kulibe masitepe. Mlondayo anati alipo, koma akafika mawa. Analowa atatsinzina, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, dzanja langa atalifinya mpaka mphete yatsopano inandilowa m'mnofu.

Pamwamba panali mphepo, ndi alendo ambirimbiri ojambulana. Amalume anatuluka, anaphethira, anapukuta magalasi ndi kolala ya jekete, n'kuyang'ananso.

"Ndikungoona zoyerayera," anatero motsitsa mawu.

Ndinaganiza za mlonda wa pasukulu uja, za telala, za nsapato za azakhali zomwe zinatha chidendene, ndipo ndinamva chisoni choti sindinachimvepo. Tinali titachedwa.

Koma amalume sanabwerere. Anatambasula dzanja n'kuyenda mpaka anagunda chitsulo cha m'mphepete. Anachisisita ndi chala chachikulu, n'kuchitsata pang'onopang'ono mpaka pomwe zitsulo ziwiri zalumikizana. Pamenepo anaima. Penti anali wina, koma mzere wowotcherera uja unali pomwepo, wosalala ngati msoko wa telala waluso. Nkhope yawo inasintha tikuona.

"Mayi, tabwerani kuno."

Azakhali anali atamatirira kukhoma, kutali ndi m'mphepete. "Bambo, ine ndili bwinobwino kuno."

"Bwerani mudzagwire. Sichingathyoke ichi, ndinawotcherera ndine."

Anapita, phazi limodzi limodzi, n'kugwira chitsulocho ndi manja onse awiri. Amalume anawaika dzanja paphewa, linalo n'kuyamba kuloza. Uko ndi msika. Uko ndi siteshoni ya sitima. Apo ndi pomwe tinkagona ife antchito. Pomwe ankati pali msika panali poimika magalimoto, ndipo mwamuna wanga anatsegula pakamwa kuti akonze, ine n'kumuponda phazi. Azakhali ankangoti, "Ndaona, bambo. Ndaona."

Kenaka mtambo unasuntha, dzuwa n'kugwera pamtsinje. Amalume anatembenukira komweko.

"Koma uwo ndikuuona," anatero. "Mtsinje uwo, ukung'anima. Ndi mlatho wake uwo. Mayi, mukuona pomwe ndikulozapa?"

Ulendo uno chala chinali pamalo pake penipeni. Azakhali analira osabisa, chitsulo ali chigwirire.

M'chikwama changa munali fulasiki, poti pa ukwati wathu azakhali anatipatsabe, zofuna zathu zili apo. Ndinaitulutsa n'kuwathirira tiyi m'chivindikiro. Anamwa, anapatsira amuna awo, kenaka anandiyang'ana cham'mbali.

"Mukanamwa boti pano?"

Chaka chisanathe, mdima uja unafikadi. Masiku ano amalume amakhala pakhomo pomwe paja, ndipo mlendo akayamba kuwamvera chisoni, azakhali amamudula asanamalize.

"Musawadandaule awa. Ine mzinda ndinauona wonse, ndipo anandionetsa ndi iwowa."