Mlandu wa sikirini yakuda

Ndili Folomu 3, sukulu yathu ya kwa Mwambo inalandira makompyuta asanu oyendera sola. Mayi amene anadzawalumikiza anandiona ndikusuzumira pakhomo n'kundiitana. Anatsegula sikirini yakuda yopanda zithunzi, nati pamenepo kompyuta imayankha ukaifunsa polemba. Ndinalemba uname -a, inanena kuti imayendera Linux. Ndinalemba free -h, inanena kuti memore yake ndi magigabaiti pafupifupi anayi. Ndinakopera zonse m'kabuku kanga, kompyuta iliyonse tsamba lake.

Ana khumi okha ndi amene anasankhidwa kudzalemba mayeso a kompyuta ku Folomu 4. Ine ndinalimo, ndipo sindinkafuna china chilichonse kuposa chimenecho.

Titabwerako kuholide, makompyuta aja ankayenda ngati bwato m'matope a Chilwa madzi ataphwa. Ndinawafunsanso pa sikirini yakuda ija. Onse anati magigabaiti awiri. Ndinabwereza katatu poopa kunamizira munthu.

Zinanditengera masiku awiri kuti ndilimbe mtima. Ndinakagwada pafupi ndi tebulo la aphunzitsi a kompyuta, amene ankasunga kiyi wa chipinda cha makompyutawo, kabuku kali m'manja awiri.

"Sala, memore yachepa. Kaya wina anatsegula n'kuchotsamo."

Kabukuko sanakalandire. "Wadziwa bwanji iweyo?"

Ndinawaonetsa. Atangoona sikirini yakuda anaomba m'manja.

"Ohoo! Ndiye ndiwe ukutiphera makompyuta! Kalasi, bwerani mudzaone injiniya wa kudoko. Kuyanika matemba kwakuchepera?"

"Injiniya, mudzatikonzereko wailesi ya amalume!" anakuwa mtsikana wina kumbuyo. Onse anaseka.

"Sala, zimene ndalembazi zimangofunsa, sizisintha kanthu."

"Ukundiphunzitsa ntchito?"

Ndinatseka kabuku kanga. Mpaka lero ndimadzipsera mtima. Ndinali nditaona kuti tizomangira ta kumbuyo kwa makompyuta takalikakalika, koma sindinanene. Kwathu anatilera kuti mwana saloza wamkulu chala, ndipo aphunzitsi aja ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Kwa ahedi mlandu sunatenge nthawi. Anafunsa aphunzitsiwo ngati sikirini yakuda ili m'silabasi. Iwo anati ayi. Palibe amene anatembenuza kompyuta ngakhale imodzi. Palibenso amene anaimbira foni mayi anadzawalumikiza aja.

Lolemba lotsatira ndinapeza dzina langa litakhwatchidwa ndi cholembera chofiira pamndandanda wa ana khumi aja pachitseko cha chipinda cha makompyuta, pambali pake atalembapo dzina la wina. Anzanga analowa. Ine ananditumiza kukalasi ya ulimi, kumene tsiku limenelo ankaphunzira kuokera mpunga, ntchito imene ndinayamba ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.