Tepi ya Kwaya M'galimoto ya Bambo

Kabati yathu mpaka lero ilibe dirowa yapansi. Pamalo pake pali chibowo chabe, ndipo alendo akafunsa, amayi amangoti, "Inapita ku Mwami." Sanama ayi. Amalume anaisolola pa tchuthi cha Ogasiti, chaka chimene ndinali giredi folo, n'kuiboola mabowo awiri, n'kuikuta ndi kapeti yakale kuti ikhale bokosi la masipika a m'galimoto. Ndimakumbukirabe fungo la guluu ndi utuchi pakhonde, ndi mphepo ya fumbi ija yolowa mpaka m'mano.

Galimotoyo inali ya malemu bambo anga. Atamwalira, amalume, mlongo wawo wa amayi, anayamba kuiyendetsa ngati takisi pakati pa Chipata ndi boda ya Mwami, ndipo ndiyo inkatidyetsa. Koma wailesi imene inabwera nayo kuchokera kunja inali ndi matenda ake. Tepi inakanirira m'kati bambo akadali moyo, batani lotulutsira linafa, kopotoza kochepetsera mawu nakonso kanathyoka. Ukangoliza injini, kwaya ya ku Tamanda inkayamba kuimba, ufune usafune. Amalume anayesapo kuchotsa fyuzi, hutala nayo n'kufa. Nanga takisi yopanda hutala ingaitane bwanji anthu?

Bambo ndiwo ankaphunzitsa kwayayo, ndipo tepiyo anaijambula okha tsiku lina akukonzekera za Khirisimasi. Nyimbo yachitatu ikafika pakati, oimba ankasokonezana, kenaka mawu awo: "Iyayi, iyayi, atenala mwathamanga. Tiyambirenso." Kenaka kuseka kwawo kuja, kokhala ngati akutsokomola. Padziko lonse lapansi, mawu a bambo anga anatsala pamenepo pokha. M'mawa uliwonse amalume akamatenthetsa injini, ine ndinkakhala kale pampando wakumbuyo, miyendo ili lende, kudikira atenala athamange.

Apaulendo sankaziona choncho. Amayi a geni opita kukaoda zitenje kuboda ankafunsa, "Adalaiva, kodi tikupita kumaliro?" n'kukakwera takisi ina yogunda mpaka magalasi kunjenjemera. Amalume ankabwera madzulo nkhope ili ndwii. "Nyimbo za Mulungu n'zabwino," ankatero, "koma zikundithawitsira anthu." Anaganiza zosintha wailesiyo, koma zogula zatsopano m'sitolo sizikanatheka. Wailesi yoimba nyimbo za pa flashi anaipeza kwa dalaiva wina wa thiraki, yokalikakalika koma yamoyo. Masipika anakachotsa ku galimoto ina yochita ngozi, mawaya anachita kupempha. Chotsala chinali kupita Loweruka kwa bambo wokonza magetsi a galimoto kuseri kwa msika, akazule yakaleyo.

"Nanga tepi, amalume?" ndinafunsa.

"Tikaona konko, mphwanga."

Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero. Munthu wamkulu akati tikaona konko, dziwani kuti chinthucho chapita. Komanso ine malo a bambo wamagetsiyo ndinkawadziwa. Panali mulu wa mawailesi otumbulidwa, ndi timalamba ta matepi titakolakola m'zitsamba, tikunyezimira padzuwa. Sabata yonseyo chakudya sichinkatsika. Kusewera fulaye ndi anzanga ndinasiya, ndinkangotchera khutu kumsewu, kuopa kuti mwina amalume asintha maganizo n'kupita tsiku lisanakwane. Amayi sindinawauze, chifukwa za bambo m'nyumba mwathu sizinkakambidwa.

Lachisanu masana amalume anabwera kudzadya, n'kusiya galimoto pansi pa mtengo wa mango osakhoma, iwo n'kukagona pamphasa. Ndinatenga singano ya amayi yolukira madoilo. Maganizo anga anali akuti ndiikole tepiyo, ndiikoke, ndikaibise m'chikwama cha kusukulu. Nzeru za mwana! M'galimotomo munkatentha, mpando unkandiwotcha maondo, manja ali thukuta lokhalokha. Ndinalowetsa singanoyo pakamwa pa wailesi, ndinafufuza, ndinamva yakola. Ndinakoka pang'onopang'ono. Chimene chinatuluka si tepi ayi, koma kalamba kake kopyapyala kaja, kakubwera, kakubwerabe, mpaka kutalika ngati mkono wanga. Ndinachita mantha, n'kukoka mwamphamvu. Kanaduka.

Mayo ine! Ndinakakankhira m'kati ndi chala, ndi singano, ndikulira osatulutsa mawu, ndipo ndikudziwa tsopano kuti pamenepo ndi pomwe ndinaonongeratu. Amalume atadzuka n'kuliza injini, wailesi inangolira kuti tswii, kenaka zii. Anaimenya ndi chikhatho kawiri, n'kuseka. "Yafa yokha, yamva kuti mawa ikuchotsedwa ntchito." Ine ndinali nditabisala kuseri kwa bafa, ndikusuzumira.

Loweruka ndinapita nawo. Bambo wamagetsi anamasula wailesiyo ndi sikuludiraiva, n'kutulutsa tepi, kalamba kake katapotana ngati matumbo a nkhuku. "Kakanaduka pamodzi pokha tikanalumikiza ndi kyuteksi wopaka m'zikhadabo," anatero, "koma apa katafunidwa. Mawailesi akalewa ndi choncho, amadya matepi." Palibe anandiyang'ana. Analumikiza mawaya, kwina n'kumanga ndi pulasitiki ya shuga poti tepi yomatira inawathera, ndipo atayatsa, dirowa yathu kubuti kuja inagunda mpaka ndinaimva mumsana. Amalume anavina pafumbi pomwepo, anthu akuwaombera m'manja. Ine ndinangofumbata tepi yakufayo.

Titafika kunyumba amalume analiza hutala, amayi n'kutuluka akupukuta manja. Ndinawapatsa tepiyo. Bodza la wailesi linali lokonzeka kale, lonenedwa ndi munthu wamkulu, koma linandikanika.

"Amayi, si wailesi yadula. Ndine."

Ndinadikira mbama. Kunena zoona ndinkaifuna. Iwo anaitembenuza tepiyo m'manja, n'kuwerenga zimene bambo analemba pamwamba pake ndi bolopeni yofiira, kenaka anaiika m'thumba la diresi.

"Ndinakuona pawindo," anatero.

Basi. Anatembenukira kwa amalume n'kuti, "Achimwene, mundisiye kuchigayo." Ananyamula thumba la chimanga, n'kuliika pampando wakumbuyo, iwo n'kutsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala. Amalume anawayang'ana nthawi yaitali asanalize injini, ndipo wailesi yawo yatsopanoyo anaizimitsa.

Panapita zaka kuti ndizindikire kuti chichokereni kumaliro, amayi anali asanakwerepo galimoto imeneyo. Kuchigayo, kutchalitchi, kuchipatala, ankapita wapansi, galimoto ili pabwalo. Koma tsikulo ine ndinatsala pageti ndikudzifunsa kuti ndi mayi wanji amene amaonerera mwana akudula mawu a bambo ake osakuwa ngakhale kuti "Iwe!" Ndinawakwiyira kwambiri, ndinkati sankawakonda bambo. Ndinali ndisanadziwe kuti kumva mwamuna wako akuseka pabwalo m'mawa uliwonse, iwe ukudziwa kuti salowa m'nyumba, n'chinthu chimene munthu sangachipirire mpaka kalekale.