Mkamwini Amene Ankamvera Mafoni Athu

Ena akamva nkhaniyi amati ndikuwonjezera, koma ndikulumbira, inandichitikira ine ndemwe kuno kumapiri a Ntchisi, ndipo amene anali pakhonde panga tsikulo akadali moyo.

Ine ndine nkhoswe ya mwana wa mlongo wanga, amene anakwatiwa ndi kamunthu kena kogwira ntchito ya ukazitape wa boma mumzinda. Kamunthu koti ukakumana nako pamsika sungakacheukire n'komwe, koma matama ake ngati boma ndi la bambo ake. Katamumenya mwanayo mpaka kumugulula dzino, iye anathawira kwa ine, ndipo ndinakamubisa kwa mnzanga wina cha ku Mvera. Za kumeneko ndinangouza mayi ake okha, pafoni.

Tinaitanitsa ankhoswe akuchimuna monga mwa mwambo. Inu mukudziwa kuti pamlandu wa banja mkamwini amakhala chete, maso pansi, womuyankhulira ndi nkhoswe yake. Aka ayi. Kanabwera pagalimoto ya kuntchito, n'kukhala pampando amalume ake enieni ali pamphasa, kenaka n'kuyamba kubwereza zonse zimene ndinayankhula ndi mlongo wanga pafoni, osadumpha ngakhale liwu limodzi. Kanatchula mudzi umene mwanayo anabisala, dzina la mnzangayo, mpaka matenda anga a chikhodzodzo amene ndinkabisira ngakhale ana anga. Kanati mkazi wake kakamutenga tsiku limene kafune. Abale, mantha otero sindinawamvepo.

Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti ndi khoti liti linakapatsa chilolezo chomvera mafoni a apongozi ake. Kanaseka, n'kundiuza kuti makhoti ndi a anthu ngati ine. Alendowo atangochoka ndinatuma uthenga wapakamwa kwa mnzanga uja kudzera mwa amayi ena opita kuchigayo, iye n'kumusamutsira mwanayo kutali, foni yake n'kuiponya m'chimbudzi.

M'mawa mwake ndinapita kupolisi. Wapolisi anayamba kulemba ndi mphamvu zake zonse, koma atangomva ntchito ya mkamwiniyo anaika cholembera pansi, n'kundinong'oneza kuti za m'banja tikakambirane kunyumba. Ndiye ndikadandaule kwa yani? Makina ogulidwa ndi msonkho wa fodya wathu kuti azisakira zigawenga, wamantha wina akusakira mkazi amene wamumenya yekha, ndipo palibe womufunsa!

Mwanayo ali moyo, koma kuchokera nthawi imeneyo sakhudza foni, uthenga wopita kwa iye umayenda wapansi, pakamwa ndi pakamwa. Mayi ake atamwalira, uthenga wa maliro unamupeza titaika kale.

Lero ndimakhulupirira kuti ntchito yomvera anthu ikakhala yopanda woiyang'anira imagwera m'manja mwa zitsiru ngati ichi. Mukabisa munthu wothawa nkhanza, musatchule malowo pafoni, ngakhale kwa mayi ake omubereka. Ndipo inu amene mumati wosalakwa alibe choopa, mwana wa mlongo wanga sanalakwe kalikonse, koma mpaka lero sanaone manda a mayi ake.