Malata anga anafolera manda

Tinasudzulana kukhoti titakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu. Amuna angawo anali mphunzitsi wa kupulayimale, atatsala pang'ono kupuma pantchito. Woweruza ananena momveka kuti ndalama zopumira zikadzatuluka tidzagawane pakati, poti zaka zonsezo malipiro akachedwa ankadya mpunga wa kudimba kwanga. Gawo langalo ndinali nditalipezera kale ntchito: malata. Nyumba yanga ku Mtakataka ndi yaudzu, ndipo mvula ikagwa ndimangokhalira kusuntha mphasa.

Chilimwe chotsatira alamu anga, achemwali awo a aphunzitsiwo, anadzandiitana. Amati kwawo ku Golomoti amanga chiliza cha apongozi anga, ndikakhale nawo pamwambo. Ndikanakana bwanji? Mayi amenewo ndinawadwazika ndine, atamwalira ndinawasambitsanso ndine. Ndinasenza ufa, ulendo.

Chiliza chotero ndinali ndisanachionepo. Matailosi onyezimira, mpanda wachitsulo, pamwamba denga la malata. Anamanganso ziliza za amalume awo awiri, ndi cha agogo ena amene ngakhale dzina lawo abale ankalimbirana. Anapha ng'ombe ziwiri. Ine, kupusa kwangaku, ndinatandala pamoto tsiku lonse, utsi uli m'maso, kutakasa nyama, ndikumati abale a kutauni ndiwo asonkha. Ndinaimba nawo, ndinadya, ina ndinapakulira m'mbale kupita nayo kwathu.

Zoona zake ndinazimva patatha milungu iwiri, m'minibasi. Mphunzitsi mnzawo wa amuna anga akalewo ankandiyamikira kuti ndine mayi wamtima wabwino, polola kuti ndalama zonse zopumira zipite kumanda. Ndinangoti zikomo. Ndinatsika pa Golomoti, ndipo amuna anga akalewo ndinawapeza ali pakhonde pa alamu, akumvera wailesi.

“Abambo, ndalama zija zinatuluka?”

“Zinatuluka, mayi. Kodi simunadye nawo? Anthu onse anakuonani.”

Mawu amenewa amandiwotcha mpaka lero. Sanandiitanire ulemu ayi. Ankafuna mboni zoti ndinalipo, ndinavomera, ndinanyambita ndi zala zomwe.

Ndinabwerera kukhoti ndi pepala la chigamulo. Anawaitana, iwo n'kubwera atavala taye, atanyamula malisiti a simenti ndi matailosi, nkhope ili ngati ya mwana wamasiye. Khoti linatuma munthu wolanda katundu, ndipo ya thiransipoti yake ndinalipira ndine, nditagulitsa thumba la mpunga. Titafika, nyumba inasanduka ya alamu, mbuzi za ana a alamu, njinga yobwereka. Wailesi yomwe ija inapeza mwini wake tsiku lomwelo. Ndinamulozera munthuyo kumsitu wa kumanda, kumene denga linkaoneka pakati pa mitengo, ndikuti ndalama zanga ndi izo.

“Mayi,” anatero akutseka chikwama chake, “ine ndimalanda katundu wa amoyo. Kumanda sindilowa.”

Pamapeto pake khoti linalamula kuti azidulako pang'ono pa penshoni ya pamwezi. Zimene zimandifika n'zogulira sopo ndi mchere. Ankhoswe anga, alongo anga enieni, anati ndiugwire mtima, munthu wolemekeza amayi ake satsutsidwa. Ulemu wanji? Mayiwo ali moyo mwana wawoyo sanawagulireko ngakhale bulangeti. Anamwalira atafunda langa, lija ndinagula nditagulitsa nkhuku. Tsopano poti safunanso kanthu, ndiye awamangira nyumba ndi thukuta langa, ndipo m'mudzi monse akuti aphunzitsi ndi mwana wabwino.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti ndilibe pokalipira. Ndikati nditukwane denga lija, pansi pake pagona mayi amene ankandiitana kuti mwana wanga.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inandipeza ndikutchera mabeseni m'nyumba. Inanyowetsa ufa, zovala, ndi pepala la chigamulo lomwe. Kutacha ndinaliyanika pathandala limodzi ndi mbale, kenako ndinapita kukafunsa mtengo wa udzu. Ndikamadutsa pa Golomoti ndimayesetsa kuyang'ana kumbali, koma malata aja ndinawawerenga kale. Alipo khumi ndi awiri. Nyumba yanga imafuna khumi.